KULERA OSEWERA ACINYAMATA KU IRELAND: MBIRI YA HURLING NDI MPIRA WA CIGAELIC

Kumadzulo kwa England kuli cisumbu ca Ireland, dziko la mvula yambiri ndi msipu wobiriwira. Ambiri a ife tidziwa dzina lace cifukwa ca amishoni ocokera kumeneko, monga Akapucini amene anafika ku Livingstone mu 1931, ndi Ajezuiti amene anagwira nchito ku Chikuni ndi ku Monze. Koma ndi owerengeka okha amene anamva za masewera awiri amene eni dzikolo awayesa colowa ca makolo ao, ndiwo hurling, mpira wa ndodo, ndi mpira wa ciGaelic, umene ausewera ndi miyendo ndi manja pamodzi. Pa tsiku la mpikisano wotsiriza wa caka, anthu oposa 82,000 adzaza bwalo la Croke Park mu mzinda wa Dublin. Komatu mwa anyamata 30 amene ali pakati pa bwalolo palibe ndi mmodzi yemwe wolandira malipiro a kusewera. Mpikisano ukatha, wina abwerera ku munda, wina ku ofesi, wina ku kalasi lace.

Tsono funso ndi ili: masewera opanda malipiro, amene zaka 140 zapitazo anatsala pang'ono kuzimirira, anapulumuka bwanji, ndipo ndani amene anawapatsira kwa ana mbadwo ndi mbadwo? Nkhaniyi itikhudza ife aphunzitsi, pakuti pa masamba ambiri a mbiri imeneyi tipezapo mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi.

MASEWEREDWE ACE

Bwalo la masewera onse awiri ndi limodzi, ndipo liposa la mpira wa miyendo umene tiudziwa ife: m'litali mwace ndi mamita 130 kufikira 145, m'mimba mwace 80 kufikira 90. Mbali iri yonse ikhala ndi osewera 15. Mizati ya golo ndi yaitali, ndi mtanda wopingasa pakati, kotero kuti golo aoneka ngati cilembo H. Mpira ukalowa pansi pa mtandawo awerenga 3, ukadutsa pamwamba pace awerenga 1. Ndipo kuyambira 2025, mu mpira wa ciGaelic, woumenya ali kunja kwa mzere wokhota wa mamita 40 akaudutsitsa pamwamba awerengeredwa 2.

Mu hurling wosewera ali yense agwira ndodo yosema ku mtengo wa ash, yosafika mita imodzi, yotambalala ku mapeto ngati mthiko waukulu. Kampira kace, kochedwa sliotar, ndi kolimba, kokutidwa ndi cikopa, kokula ngati lalanje laling'ono. Kutola kampira pansi ndi dzanja nkoletsedwa; wosewera ayenera kukatukula ndi ndodo, ndipo akakagwira m'dzanja sayenda nako mapazi oposa 4. Akafuna kuthamanga nako, akakhazika pa nsonga ya ndodo. Mu mpira wa ciGaelic, wothamanga ndi mpira m'manja ayenera pa mapazi 4 ali onse kuugwetsera pa phazi nauwakhanso, kapena kuunjanjitsa pansi. Popatsira mnzace aumenya ndi nkhonya kapena ndi cikhatho, kuuponya iai.

Aphunzitsi anzanga mwaona kale kuti luso lotere silibwera munthu atamera ndevu. M'mera mpoyamba. Dzanja ndi diso ziyenera kuzolowerana mwana akali wamng'ono, makamaka mu hurling. Palinso kusiyana kwa mtengo wace: mpira umodzi ukwanira ana 30, koma mu hurling mwana ali yense afuna ndodo yace, ndipo ndodo zithyoka. Ndico cifukwa cace mpira wa ciGaelic unafala pa cisumbu conse, pamene hurling inazika mizu makamaka kumwera, m'zigawo za Kilkenny, Cork, Tipperary ndi zoyandikana nazo.

NTHAWI YA MAKOLO

M'nthano zakale za Ireland, zimene zinalembedwa pa zikopa zaka zoposa 800 zapitazo, muli nkhani ya mnyamata dzina lace Setanta. Iye anacoka kwao akali kamwana kunka ku mudzi wa mfumu ku Emain Macha, nafupikitsa ulendo ndi kumenya kampira patsogolo pace ndi kukathamangira. Atafika anapeza anyamata 150 a pa bwalo la mfumu alikusewera, ndipo anawagonjetsa yekha. Tsiku lina anacedwa ku phwando la wosula zitsulo dzina lace Culann, popeza anafuna kutsiriza masewera. Galu wolusa wa pa nyumbapo anamlumphira, koma iye anammenyera kampira kukhosi, galu nafa. Mnyamatayo analonjeza kulonda nyumbayo m'malo mwa galu, ndipo anamucha Cú Chulainn, ndiko kunena galu wa Culann. Iyi ndi nthano cabe, koma itionetsa kuti akale anayesa masewera a ndodo mbali ya maleredwe a mwana wamwamuna.

Za m'mbiri yeniyeni ndi izi. Mu 1366 olamulira a ciNgerezi anaika malamulo ku Kilkenny oletsa anthu a mtundu wao kutengera miyambo ya eni dziko, ndipo hurling inachulidwa mwa zoletsedwazo. Lamulolo silinaphule kanthu. M'zaka za m'ma 1700 eni minda ikuluikulu anali ndi matimu a anthu ao a nchito, nabecherana ndalama pa mipikisano. Masiku amenewo kunalibe wophunzitsa masewera. Mwana anaphunzira poonerera akulu ace, nasema ndodo yace ku chire, namenya kampira pa khoma la nyumba.

Maphunziro a mtundu uwu ali ndi mphamvu pokhapokha mudzi uli wodzaza. Pambuyo pa cipanduko ca 1798 eni minda anayamba kuopa misonkhano ya anthu wamba, naleka kuthandiza masewera. Ndipo kuyambira 1845 kunagwa njala yaikuru, mbatata za kacewere zitaola m'minda zaka zotsatana. Anthu pafupi miliyoni imodzi anafa, ndipo miliyoni inanso inathawira ku America ndi ku England. M'midzi yambiri munatsala mabwinja, ndipo ana anasowa wowaonetsa. Pofika 1880 hurling inatsalira m'madera owerengeka okha.

MPHUNZITSI MICHAEL CUSACK

Amene anadzutsa masewerawa anali mphunzitsi. Michael Cusack anabadwa mu 1847, njala iri pakati, ku Carran m'cigawo ca Clare, dera la miyala yokhayokha. Anaphunzira nchito ya uphunzitsi, naphunzitsa m'sukulu zingapo, ndipo mu 1877 anatsegula sukulu yace ku Dublin yokonzekeretsa anyamata mayeso olowera nchito ya boma. Iye mwini anasewerapo cricket ndi rugby, masewera a Angerezi. Cimene cinamuwawa ndico cakuti mipikisano ya kuthamanga ndi kulumpha inali m'manja mwa anthu olemera, amene anaicita Loweruka, tsiku limene mlimi ndi wanchito sakanatha kucoka pa nchito. Tsono anayamba kusonkhanitsa ophunzira ace ndi anzace ku Phoenix Park, nawaphunzitsa hurling.

Pa 1 November 1884, mu hotela ya Hayes ku Thurles m'cigawo ca Tipperary, Cusack ndi amuna ena owerengeka anakhazikitsa bungwe la Gaelic Athletic Association, limene anthu alicha GAA. Mtsogoleri woyamba anali Maurice Davin, mlimi wochuka pa masewera a mphamvu, ndipo ndiye anakonza malamulo oyamba olembedwa mu 1885. Bishopu wamkulu wa Cashel, Thomas Croke, anavomera kukhala nkhoswe ya bungweli. Cusack anali munthu wa mkangano, ndipo anzace anamcotsa pa ulembi mu 1886. Koma moto umene anakoleza sunazime. Mpikisano woyamba wa dziko lonse, wochedwa All-Ireland, unali wa caka ca 1887. Pamenepo mbali iri yonse inali ndi osewera 21. Anacepetsa kufika pa 17 mu 1892, ndi pa 15 mu 1913.

Maziko a bungweli anakhala parishi. Munthu asewerera kilabu ya kwao, ndipo ocita bwino a m'makilabu asankhidwa kusewerera cigawo cao mwa zigawo 32 za cisumbuco. Kugula wosewera kulibe. Lamulo limeneli ndilo muzu wa nkhani yathu yonse, pakuti kilabu imene siingagule wosewera iyenera kumlera yokha. Parishi ikalekerera ana ace lero, zaka 10 zikapita idzasowa timu.

SUKULU NDI MAKOLEJI

Sukulu za boma za pulaimale zinayamba ku Ireland mu 1831, ndipo pofika kumapeto a zaka za m'ma 1800 pafupi parishi iri yonse inali ndi yace. Anyamata ophunzira uphunzitsi ku koleji ya St Patrick ku Drumcondra anali ndi timu yao yochedwa Erin's Hope, imene inapambana mpikisano wa mpira wa cigawo ca Dublin mu 1887. Atatsiriza maphunziro anamwazikana m'midzi, ali yense ndi luso lace. Mphunzitsi wa kumudzi ndiye kawirikawiri anali mlembi wa kilabu, popeza ndiye anadziwa kulemba makalata ndi kusunga buku la ndalama. Ndiye anapempha munda kwa mlimi, nakhala ndi ana pa bwalo sukulu itaweruka, wosalandirapo kanthu.

M'matauni nchitoyi inali m'manja mwa Abale a Christian Brothers, gulu limene Edmund Rice analiyamba ku Waterford mu 1802, ndi m'makoleji ogonera a madayosizi. Koleji ya St Kieran ku Kilkenny, ya St Flannan ku Ennis, ya St Jarlath ku Tuam ndi sukulu ya North Monastery ku Cork zinasanduka nazale za osewera. Mu 1918 kunayamba cikho ca Harty, ca hurling ya makoleji a m'dera la Munster. Ca dziko lonse ca hurling, ca Croke, cinayamba mu 1944, ndipo ca mpira, ca Hogan, mu 1946.

Mbali yaikuru ya Ireland italandira ufulu wodzilamulira mu 1922, bungwe linaika maso pa acinyamata. Mpikisano wa zigawo wa anyamata osafika zaka 18 unayamba mu 1928 ku hurling ndi mu 1929 ku mpira. Mu 1928 momwemo aphunzitsi a ku Dublin anayamba mipikisano ya sukulu za pulaimale, ciyambi ca bungwe la aphunzitsi la Cumann na mBunscol, limene linafikira dziko lonse mu 1971. Wa osafika zaka 21 unayamba mu 1964. Cotero anaika makwerero ocokera pa bwalo la sukulu kufikira ku Croke Park.

Koma si ana onse anatha kukwerapo. Maphunziro a sekondale anali olipira, ndipo ana ambiri a alimi osauka analekeza sukulu pa zaka 14. Mu 1966 nduna ya maphunziro, Donogh O'Malley, inalengeza sekondale yaulere, imene inayamba mu 1967 pamodzi ndi mabasi onyamula ana a kumidzi. Kuyambira pamenepo mwana wa ku thengo anakhala m'manja mwa aphunzitsi zaka zina 5, zomwezo zimene thupi ndi luso zikhwima.

LUSO LIYAMBA KULEMBEDWA

Kwa nthawi yaitali anthu anakhulupirira kuti wosewera abadwa nalo luso, ndipo kuti kuliphunzitsa ndi kutaya nthawi. Kukonzekera mpikisano kunali kuthamanga mozungulira bwalo ndi kugawana mbali ziwiri basi. Woyamba kutsutsa maganizo awa ndi colembera anali Dick Fitzgerald wa ku Kerry, amene mu 1914 anatulutsa buku lofotokoza maseweredwe a mpira wa ciGaelic. Pambuyo pace kunadza Dr Eamonn O'Sullivan, sing'anga wa odwala misala ku Killarney, amene anakonzekeretsa timu ya Kerry napambana nayo All-Ireland kasanu ndi katatu pakati pa 1924 ndi 1962. Iye anasamala za tulo, cakudya ndi malo a wosewera ali yense pa bwalo, ndipo buku lace linatuluka mu 1958. Akuluakulu a bungwe anaopa kuti kusonkhanitsa osewera pamalo amodzi kwa masabata, atasiya nchito zao, kudzabala malipiro, kotero analetsa mcitidwewo mu 1954.

Ku hurling munthu wa kusintha zinthu anali Bambo Tommy Maher, wansembe wophunzitsa ku St Kieran. Iye anacita ndi masewera monga mphunzitsi acita ndi samu yovuta: anawagawa tizigawo. Kutukula kampira, kukawakha m'mwamba, kukamenya ku dzanja lamanja ndi lamanzere, kuchinga ndodo ya mdani, kupatsira ndi dzanja, ciri conse anaciphunzitsa pacokha, nacibwereza kufikira citakhazikika. Anapatsidwa timu ya Kilkenny mu 1957, itakhala zaka 10 yosapambana, ndipo caka comweco inatenga cikho. Pofika 1975 anali atapambana kasanu ndi kawiri.

M'zaka za m'ma 1960 nzeru zimenezi zinayamba kugawidwa. Joe Lennon, mphunzitsi wa masewera amene anapambana ndi cigawo ca Down mu 1960, 1961 ndi 1968, analemba buku la kaphunzitsidwe ka mpira mu 1964. Ku koleji ya Gormanston kunayamba maphunziro a pa nthawi yopuma sukulu, kumene Lennon anaphunzitsa za mpira, ndipo Bambo Maher pamodzi ndi Donie Nealon wa ku Tipperary ndi Des Ferguson wa ku Dublin anaphunzitsa za hurling. Ambiri a ofika kumeneko anali aphunzitsi ndi ansembe. Mu 1964 momwemo kunatuluka kanema woonetsa Christy Ring wa ku Cork, mwini mendulo 8 za All-Ireland, alikuonetsa luso limodzilimodzi, kuti ana amene sanamuonepo aphunzire kwa iye.

Cipatso cace cinaoneka ku Offaly, cigawo cacing'ono cimene cinali cisanatengepo cikho ca hurling. Sukulu za ku Birr ndi midzi yozungulira zinalera gulu la anyamata, ndipo mphunzitsi wa ku Kilkenny, Diarmuid Healy, anadza kudzawasula. Mu 1981 Offaly inapambana All-Ireland koyamba, nibwerezanso mu 1985. Apa panaoneka poyera kuti luso liphunzitsika.

PHWANDO LA ANA, NDI MALO A ATSIKANA

Mu 1971 mphunzitsi wina wa pulaimale, Séamus Ó Riain, amene anali atatsogolera GAA kuyambira 1967 kufikira 1970, anayamba ndi anzace phwando la hurling la ana osapitirira zaka 14, lochedwa Féile na nGael, ku Thurles. Makonzedwe ace anali okoma: kilabu yocokera kutali inalandiridwa ndi kilabu ya m'cigawo cocereza, ndipo kwa zaka zambiri ana a alendo anagona m'nyumba za ana omwewo amene anapikisana nao. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Phwando lofanana nalo la mpira linayamba mu 1982.

Atsikana anacedwa kupatsidwa malo. Hurling ya akazi, yochedwa camogie, inayamba mu 1904 ndi bungwe lace, ndipo All-Ireland yace inayamba mu 1932. Mpira wa akazi unadikira kufikira 1974, pamene bungwe lace linakhazikitsidwa mu hotela yomwe ija ya Hayes, patapita zaka 90. Unakula msanga, cifukwa sukulu za pulaimale zinaulandira. Mu 2019 anthu oposa 56,000 anaonerera mipikisano yotsiriza ya akazi ku Croke Park. M'sukulu zazing'ono za kumidzi, kumene ana ndi ocepa, anyamata ndi atsikana asewera m'timu imodzi.

ZOLAKWA ZIMENE ANA ANAZISENZA

Mbiri yoona siibisa zipsera. Coyamba ndi lamulo loletsa. Kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 kufikira 1971, membala wa GAA sanaloledwe kusewera kapena kuonerera mpira wa miyendo wa Angerezi, rugby, cricket ndi hockey. Mu 1938 ngakhale Douglas Hyde, Pulezidenti wa dziko, anacotsedwa pa unkhoswe wa bungwe cifukwa anakaonerera mpira wa miyendo. Mzimu umenewu unalowa ndi m'sukulu momwe. Liam Brady, amene pambuyo pace anachuka ku Arsenal ndi ku Juventus, anacotsedwa sukulu ku Dublin popeza anasankha kusewerera timu ya ana a sukulu ya dziko lace m'malo mwa mpikisano wa ciGaelic wa sukulu yace. Colinga cinali kuteteza mwambo, koma amene analipira anali mwana.

Caciwiri ndi nkhanza. M'sukulu zambiri zimene zinalera osewera abwino munalinso mkwapulo, kufikira boma linaletsa kumenya ana m'sukulu mu 1982. Coipa coposa cinaululika mu 2009, pamene bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Seán Ryan linaonetsa kuti m'nyumba zosungira ana osauka ndi amasiye, zoyendetsedwa ndi magulu a cipembedzo, pakati pao a Christian Brothers, ana anamenyedwa ndi kucitidwa zonyansa kwa zaka zambiri, akuluakulu alikubisa. Lero munthu ali yense wofuna kuphunzitsa ana m'kilabu ayenera kufufuzidwa ndi apolisi ndi kucita maphunziro a kusamala ana.

Cacitatu ndi kulemetsa mwana waluso. Mnyamata mmodzi wa zaka 17 anatha kusewerera sukulu, kilabu ndi cigawo, mu hurling ndi mu mpira momwe, ndipo wophunzitsa ali yense anamfuna tsiku lace. Ambiri anapweteka mawondo ndi ziuno, ena anatopa nasiyiratu. Bungwe linaika gulu lofufuza za vutoli mu 2007, ndipo mu 2018 linatsitsa msinkhu wa mpikisano wa zigawo wa anyamata kucoka pa osafika 18 kufika pa osafika 17, kuti usawombane ndi mayeso otsiriza a sekondale ndi masewera a akulu. Caka comweco ofufuza a bungwe la ESRI anapeza kuti osewera a m'matimu akulu a zigawo anatha maola ofika 31 pa sabata pa masewera osalipidwawa. Za citetezo ca thupi zinacedwanso: cisoti cochinga mutu ndi nkhope cinakhala lamulo kwa osewera hurling a misinkhu yonse pa 1 January 2010.

MWANA ALI YENSE ASEWERE

Colakwa cacinai cinali cobisika, cifukwa cinaoneka ngati khama. Ana a zaka 9 anaseweretsedwa 15 mbali iri yonse pa bwalo la akulu, polimbirana cikho. Ana awiri kapena atatu okula msanga ndiwo anagwira mpira nthawi yonse; ofooka anaima kutali ndi mpira, ena anakhala panja masewera onse, ndipo caka cotsatira sanabwerenso. M'zaka zoyamba za m'ma 2000 bungwe linakonza njira yochedwa Go Games, imene mu 2010 inakhala lamulo la ana aang'ono. Matimu ndi a ana 7, 9 kapena 11 monga mwa msinkhu. Bwalo ndi laling'ono, mpira ndi wopepuka. Mwana ali yense wofika asewera. Zikho ndi ndandanda ya opambana palibe. Cifukwa cace ncosavuta: ana akacepa pa bwalo, ali yense akhudza mpira kawirikawiri, ndipo luso likula ndi kukhudza mpira. Makolo ena ndi ophunzitsa ena adandaulabe kuti mwana ayenera kuzolowera kupambana ndi kugonja, ndipo mkanganowo sunathe.

Mu 2006 kunayamba Cúl Camps, sabata ya masewera pa nthawi yopuma sukulu ya ana a zaka 6 kufikira 13, ndipo mu 2019 ana oposa 150,000 analowamo. Zigawo zina zinalemba nchito ophunzitsa oyendera sukulu. Dublin, imene inalandira ndalama zambiri za nchitoyi, inapambana cikho ca mpira zaka 6 zotsatana, 2015 kufikira 2020, ndipo zigawo zazing'ono zinadandaula kuti kagawidwe ka ndalama sikanali kolungama. Limerick inasonkhanitsa anyamata ace aluso kuyambira ca m'ma 2011, ndipo mu 2018 inatenga cikho ca hurling itakhala zaka 45 yosaciona, nicitenganso kanai kotsatana kuyambira 2020 kufikira 2023. Wotsogolera timuyo, John Kiely, anali mphunzitsi wamkulu wa sekondale. Brian Cody, amene anapambana ndi Kilkenny nthawi 11 pakati pa 2000 ndi 2015, anali mphunzitsi wa pulaimale. Mu 2018 bungwe la UNESCO linalemba hurling m'kaundula wa miyambo ya mtengo wapatali ya anthu a pa dziko lapansi.

Zovuta zatsopano ziripo. Matenda a mitengo ya ash anapezeka ku Ireland mu 2012, ndipo amisiri ena ayamba kupanga ndodo za nsungwi. Acinyamata alikucoka kumidzi ya kumadzulo kunka ku mizinda ndi ku maiko akutali, kotero kuti maparishi amene anali adani pa bwalo alikuphatikiza ana ao kuti timu ikwane. Njala ya 1845 inaonetsa kale cimene cicitika ku masewera mudzi ukatha anthu.

Aphunzitsi anzanga, taonani kumene mphamvu ya masewerawa yakhala. Croke Park adzaza masiku owerengeka pa caka, koma bwalo la sukulu ligwira nchito sabata ndi sabata. Zinatengera anthu a ku Ireland zaka 80 kuti avomereze kuti luso liphunzitsika, ndi zaka zina 40 kuti avomereze kuti mwana wofooka ali ndi gawo lofanana ndi la mwana waluso. Amene ali ndi ana 60 ndi mpira umodzi angathe kuyesa lero lomwe cimene iwo anacedwa kuciona: agawe bwalo panai, apange mipira ya nsanza, aphunzitse luso limodzi pa tsiku, ndipo awerenge ana amene abweranso sabata ya mawa. Anthu a ku Ireland ali ndi mwambi m'cinenero cao wonena kuti mwana ukamyamikira akula bwino. Anaudziwa kuyambira kale lomwe, koma anaucita mocedwa, ndipo ana ambiri anataika pakati pa njira.